Mkamwini wa Alawansi

Msewu wa ku Djibouti ndauyenda zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo sindinagwetsepo thiraki ngakhale kamodzi. Chimene ndinatsala pang'ono kugwetsa ndi ukwati wa mwana wa eni ake, ndipo ndinachita zimenezi ndi pakamwa pangapa, nditavala jekete yobwereka.

Mwana wa eni akeyo ndi Wondwossen, dalaivala mnzanga kwa Woizero Askale, mayi wa mathiraki asanu ndi anayi amene tonse timawagwirira ntchito kuno ku Adama. Wondwossen ndi munthu wosalankhulalankhula. Akhoza kukhala nawe pa mzere wa pa doko masiku anayi, dzuwa likuwotcha mpaka phula kufewa, iye n'kungonena mawu awiri okha: "Khofi, Gashe?" Gashe ndi mmene achinyamata kuno amaitanira munthu wamkulu. Ndiye tsiku lina titaima pa Mille kuti matayala azizire, atandiuza kuti akufuna kukwatira, ndipo ineyo ndikhale nkhoswe wake poti bambo ake anamwalira kalekale, ndinatsamwa ndi madzi.

"Iweyo? Unamufunsira bwanji mkaziyo? Unamuimbira hutala?"

"Ndi mphunzitsi, Gashe. Amalankhula ndi iyeyo, ine ndimamvetsera."

Dzina lake anati ndi Tsigereda. Ndinavomera pomwepo, chifukwa mnyamatayu ndimamukonda, komanso ndimadziwa kuti pa nkhani yotamanda munthu palibe angandipose pa msewu wonsewu.

Ife madalaivala a mtunda wautali malipiro athu a pa mwezi ndi a dzina chabe. Pa pepala Woizero Askale amalemba mabiri 4,500, ndalama yoti ngakhale mlonda wa pa geti akhoza kukuseka nayo. Ndalama yeniyeni ndi alawansi, mabiri 900 pa usiku uliwonse umene wagona kunja kwa Adama. Pa malipiro boma limadula msonkho, koma alawansi yathuyi siliikhudza, poti amati ndi ya chakudya ndi malo ogona. Nanga ife timagona ku hotela ngati? Timagona m'thiraki momwemo, shiro, ndiwo yathu ya ufa wa nyemba, timaphika tokha pansi pa thirela, ndiye pa 900 paja 700 imafika kunyumba ili m'sokosi. Dongosolo limeneli timalikonda kwabasi. Mwini thiraki nayenso amalikonda, chifukwa gawo lake la penshoni yathu amaliwerengera pa kamalipiro kaja.

Lamlungu m'mawa tinanyamuka awiri, ine ndi Ato Mulatu, amalume ake a Wondwossen, ogulitsa nsalu ku msika. Mwini nkhani sapita nawo kwa apongozi tsiku limeneli, ndiye tinamusiya pa kanyumba komwera khofi pa ngodya ya msewu, akuseweretsa makiyi. M'njira Ato Mulatu anandiuza kuti bambo a mtsikanayo, Ato Zewdu, anapuma ntchito m'boma. Sanandiuze kuti ku ofesi iti. Mpaka lero mlanduwu ndimawagawirako theka.

Tinaima chilili pabalaza mpaka anatiuza kuti tikhale. Ato Zewdu ndi mkulu wochepa thupi, wa magalasi okhuthala, wolankhula motsitsa ngati mawu akuchita kugula. Akazi awo, Woizero Belaynesh, anali pa kampando pakona akukazinga khofi, osadzutsa mutu. Ato Mulatu anayala nkhani bwinobwino monga mwa mwambo, kuti tabwera kudzapempha kuti mwana wawo akhale wathu, ndipo wathu akhale wawo. Kenako linabwera funso limene nkhoswe aliyense amalidikira.

"Mnyamatayo ali ndi chiyani?"

Apa ndiye panali panga. Ndinakonza jekete, n'kusendera kutsogolo.

"Ato Zewdu, mwana wanu sadzagona ndi njala. Mwezi woipitsitsa mnyamatayu amabwera ndi 25,000. Samwa, sasuta, satafuna masamba oledzeretsa a khati ngati anzathu ena aja. Dzanja lake pa chiwongolero ndi la munthu wamkulu."

"Pepala la malipiro mwabwera nalo?"

Tinali nalo. Anavula magalasi, kuvala ena, n'kuliyang'ana nthawi yaitali kuposa mawu amene analembedwapo.

"Pano palembedwa 4,500."

"Aaa, limenelo ndi la boma!" ndinatero ndikuseka. "Timalemba choncho kuti a msonkho asatidye. Mukuwadziwa inu anthu amene aja, akangomva fungo la ndalama amabwera ngati ntchentche."

Ato Mulatu anandiponda phazi. Ine ndinangolisuntha, poganiza kuti malo achepa.

"Ndalama ili pa alawansi, bambo. Usiku uliwonse kunja, 900, yosadulidwa ngakhale khobidi. Ndipo mnyamata ameneyu sakhala pansi. Mwezi wathawu kunyumba kwake wagonako masiku atatu okha. Atatu! Mwezi winawo anagonako awiri."

Chiwaya cha khofi chinasiya kulira.

"Ndagwira ntchito ku ofesi ya msonkho zaka makumi atatu ndi zinayi," Ato Zewdu anatero, osakweza mawu. "Koma za ntchentchezo zisiyeni, ndinamvapo zoposa pamenepo. Funso langa ndi lina. Mnyamatayu akagona kunyumba kwake, usiku umenewo amalandira zingati?"

"Akagona kunyumba ndiye kuti sali pa ulendo."

"Zingati, Ato Getaneh?"

"Palibe."

"Ndiye mukundipempha kuti ndipereke mwana wanga kwa munthu amene amalipidwa chifukwa chosakhala pakhomo. Usiku uliwonse umene adzagone pafupi ndi mkazi wake, adzataya 900. Mkaziyo akadzadwala sabata, mwamuna adzakhala pambali pa bedi akuwerengera chamumtima. Sindikunena kuti ndi munthu woipa, ayi. Ndikunena kuti adzawerengera. Ndipo akadzathyoka msana pa msewu, kapena kuposa pamenepo, Mulungu asalole, chipukuta misozi ndi penshoni adzaziwerengera pa pepala ili, osati pa ndalama mukundiimbirazi."

Anatiuza kuti tidzabwerenso pakatha mwezi, ndipo tinatuluka khofi asanathiridwe. Amene anakhalapo nkhoswe akudziwa kuti kumeneko ndi kukana kwaulemu.

Pa ngodya paja Ato Mulatu anafotokoza zonse, osasiya ngakhale za ntchentche, ndipo anazibwereza kawiri kuti zindipweteke bwino. Wondwossen anangomvetsera. Posakhalitsa anatulukira Tsigereda, mtsikana wamtali, atafunda nsalu yoyera ya ku tchalitchi, akuyenda ngati akupita kukalanga kalasi yonse.

"Gashe Getaneh, ndinali kuseri kwa katani. Mumati mukupempha mkazi, kapena mukugulitsa ngamira?"

"Mwana wanga, ndimafuna adziwe kuti ndi wolimbikira."

"Adziwadi." Anatembenukira kwa Wondwossen. "Ine ndinakudziwa uli dalaivala, ndipo sindikukuuza kuti usinthe kanthu. Ababa ndiwanyengerera ndekha. Ngakhale zitenge zaka ziwiri, ndidikira."

"Anakana angati kale?" Wondwossen anafunsa.

"Awiri. Wina anali dokotala wa ziweto, woyendayenda m'maboma. Sanabwererenso."

"Nanga iwo anasintha maganizo pa aliyense?"

Tsigereda anapukusa mutu. Wondwossen anaika makiyi patebulo.

"Kodi pali pamene bambo ako ananama?" anatero. "Amayi anga atagonekedwa m'chipatala chaka chatha, ndinakhala nawo masiku asanu ndi limodzi. Ndinawerengera. 5,400. Sindinauze munthu, koma ndinawerengera."

Ine ndinayang'ana kumsewu. Ndinachita manyazi kwambiri, chifukwa nanenso ndimawerengera, pa ubatizo wa ana anga, pa maliro a achimwene anga, ndipo sindinaganizepo kuti n'chinthu chobisa.

Lolemba Wondwossen anandipempha kuti ndimuperekeze kwa Woizero Askale, ndikakhale mboni. Ofesi yawo ndi kontena yakale pakati pa bwalo la mathiraki. Mayi amenewa tayala lililonse amalidziwa ndi tsiku limene linagulidwa, ndipo dalaivala akalowa m'mawa amadziwa kuti wabwera ndi vuto.

"Wagunda chiyani?"

"Sindinagunde kanthu, Mayi. Ndikupempha kuti mundikwezere malipiro, munditsitsire alawansi. Ndizidulidwa msonkho."

Anaika kapu ya tiyi pansi, n'kundiyang'ana ine.

"Getaneh, mwanayu dzuwa la ku Galafi lamuphika ubongo? Zaka makumi awiri ndili pa mpando uno, anthu amabwera kudzandilirira kuti ndiwabise kwa boma. Uyu akuti ndimupereke ndi manja anga!"

"Ndi nkhani ya ukwati, Mayi," ndinatero.

"Ndamva kale. Ndamvanso za ntchentche. Adama yense wamva."

Anakoka kamakina kawo kowerengera, n'kuyamba kukagogoda ndi chala chimodzi. Malipiro 18,000, alawansi 400, yongokwanira kudya.

"Msonkho ndi penshoni zidya 6,000. Ukaphatikiza zonse, uzitaya pafupifupi 8,000 mwezi uliwonse. Wamva? Mwezi uliwonse, mpaka udzakalambe. Inenso ndizitaya, poti gawo langa la penshoni likwera. Komanso munthu wa malipiro ndi waulesi. Thiraki iyende, isayende, yake ilipo. Ndikakupatsa zimenezi uzidwala mutu Lolemba lililonse."

"Maulendo atatu pa mwezi, monga pano, tilemberane," Wondwossen anatero. "Ndikaphonya umodzi popanda kalata ya dokotala, mundichotse ntchito. Koma ndiziwatha m'masiku makumi awiri ndi limodzi. Otsalawo ndi anga."

"Ulendo umatenga masiku asanu ndi anayi."

"Umatenga asanu ndi awiri, Mayi, doko likapanda kuvuta. Awiri enawo ine ndimagona pa Awash."

Awash ili maola awiri okha kuchokera pakhomo, ndipo palibe dalaivala amene amatchula dzina limeneli mu ofesi. Pobwerera timafikapo masana, n'kuimika thiraki pansi pa mtengo, n'kunena kuti mabuleki atentha. Amatentha masiku awiri. Wondwossen ananena kuti "ine", sanati "ife", koma thukuta linandituluka ngati watchula dzina langa.

"Getaneh, ukutuluka thukuta bwanji?"

"Kontenayi ndi yotentha, Mayi."

"Mumayesa sindidziwa? Malemu amuna anga anali dalaivala. Awash ndinkaidziwa ngati mkazi mnzanga." Anamuyang'ana Wondwossen kanthawi, nkhope itafewa pang'ono. "Mtsikanayo ndi wokongola choncho?"

"Ndi wolongolola, Mayi."

Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anaitana kalaliki kuti alembe pangano.

Nkhani inafika pa doko Wondwossen asanafike. Anamupatsa dzina loti Mwana wa Boma. Akaima pa malire a Galafi, anyamata ankakuwa kuti, "Patukani, womanga misewu wafika!" Wina ankamulozera dzenje la pa msewu n'kumati, "Wondwossen, ili ndi lako, msonkho wako ukafika udzalikwirire." Ena sankaseka. Ankati wationongera, mawa mayi aja atiyika tonse pa malipiro. Kwa sabata yathunthu palibe anamuitana kuti adye nawo pansi pa thirela. Iye ankaphika shiro wake yekha, n'kuwonjezera madzi pang'ono kuti akwanire kawiri, poti 400 siilola kudya motaya.

Nanenso ndinamuuza maso ndi maso kuti wapenga.

"8,000, mwana iwe! Pa chaka ndi ndalama ya puloti. Mkuluyo akakanabe, udzamulirira ndani?"

"Akakana ndiye kuti akana, Gashe. Pangano ndasaina kale."

"Ndiye udzakhala wopanda mkazi, wopandanso alawansi."

"Ndidzakhala ndi penshoni," anatero, ndipo sindinadziwe ngati akuseka kapena ayi.

Ulendo wotsatira tinabwerera limodzi kuchokera ku doko. Tinafika pa Awash cha m'ma 3 koloko masana. Mathiraki asanu anali kale pansi pa mitengo, mabuleki awo akuzizira monga mwa nthawi zonse, eni ake akusewera makadi. Ine ndinaimika yanga pamalo anga. Wondwossen anatsika, kumwa khofi ali chiimire, n'kupukuta galasi.

"Gashe, muli ndi uthenga wopita kwa Mayi Etaferahu? Ndidutsa pakhomo panu dzuwa lisanalowe."

Etaferahu ndi mkazi wanga. Ndinamuyang'anitsitsa kuti ndione ngati akundinyoza, koma ayi, ankafunsa ndi mtima umodzi. Ndinamupatsa paketi ya zipatso za kanjedza imene ndinagula ku doko, n'kumuuza kuti akanene kuti ndili bwino. Ndinaima pamenepo kuyang'ana thiraki yake ikukwera kamtunda mpaka inazimiririka. Makadi tsiku limenelo sanandikomere, ndipo ndinaluza kawiri kwa munthu wosadziwa n'kugawa komwe. Ndinamulemekeza mnyamata uja, ndipo ndinamupsera mtima chifukwa chondichititsa kumulemekeza.

Mwezi utatha pepala latsopano linatuluka. Lamlungu tinapitanso, ine ndi Ato Mulatu, amene anandilumbiritsa pa geti kuti ndiziyankha zokhazo zimene ndafunsidwa. Wondwossen anatsala pa ngodya pomwe paja. Woizero Belaynesh anali pa kampando kawo, khofi ali pamoto. Ato Zewdu analandira pepala, kusintha magalasi, n'kuyendetsa chala mzere ndi mzere. Malipiro. Msonkho. Penshoni. Pa mzere wa msonkho chala chinaima kanthawi, ndipo milomo yawo inagwedezeka. Ankaona ngati kalaliki wawerengera bwino.

"Akutaya zingati?"

"8,000 pa mwezi."

"Kunyumba wagonako masiku angati?"

"Asanu ndi anayi."

"Munamulangiza ndinu?"

"Ine ndinamuuza kuti wapenga."

"Ndiye ndi Tsigereda?"

"Iyeyo anamuuza kuti asasinthe kanthu."

Anapinda pepala lija pakati, n'kulisunga m'manja. Sanati inde, sanati ayi. Ndinayamba kale kuganiza mawu okamuuza mnyamata uja. Amene anatsegula pakamwa ndi Woizero Belaynesh, ndipo kanali koyamba kumva mawu awo.

"Zewdu, auzeni. Anthuwa akuyesa kuti nzeru zimenezi munazitola m'mabuku a ku ofesi."

Ato Zewdu anavula magalasi. Popanda magalasi ankaoneka okalamba kwambiri.

"Tsigereda si mwana wathu woyamba," anatero. "Analipo mchimwene wake, Yohannes, wa zaka zitatu. Chaka chimenecho ananditumiza ku Goba kukaona mabuku a amalonda. Inali ntchito ya masiku anayi. Ifenso a m'boma timalandira alawansi, Ato Getaneh, ndipo ifenso timadziwa kukoka. Ndinakoka mpaka masiku khumi ndi limodzi, poti nyumba ino inali isanafoleredwe. Mafoni kunalibe. Mwana anayamba kutentha thupi tsiku lachisanu. Belaynesh anali ndi pakati potopa, sakanatha kumunyamula, ndipo mmene anansi ankapeza galimoto n'kuti kutachedwa. Ine ndinatsika basi ndikuimba mluzu, ndalama ya malata khumi ndi asanu ndi atatu ili m'thumba. Ndinapeza tenti ya maliro akuigwetsa."

Ato Mulatu anachita chizindikiro cha mtanda. Ine ndinangogwira mawondo anga.

"Malatawo ndinagula ndithu. Ndi awa." Analoza kudenga osayang'anako. "Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ndikugona pansi pake. Palibe lamulo limene ndinaphwanya. Mapepala anga onse anali ndi chidindo."

Anavalanso magalasi, kutambasula pepala lija pa bondo, n'kulisalaza ndi chikhatho.

"Mnyamata wanuyu wagula masiku asanu ndi limodzi pa mwezi ndi 8,000. Anzake akuti wapenga. Kamuuzeni kuti amutchipitsira. Ine ndikanapereka nyumba yonseyi pa tsiku limodzi lokha."

Woizero Belaynesh anachotsa mtsuko wa khofi pamoto, n'kuyamba kuthira, kuchokera m'mwamba, osatayira ngakhale dontho. Anadzaza makapu anayi. Kenako anatenga kapu yachisanu, kuipukuta ndi nsonga ya nsalu yawo, n'kuiika pamzere.

"Ato Getaneh," anatero, "kamuitaneni mwana wathu pa ngodya paja, khofi asanazizire."